Galu, Msodzi ndi Mtsamunda: Mbiri ya Apwitikizi m'Mabuku Onena za Agalu

[Nyimbo yotsegulira pulogalamu]

Pulogalamu ya maphunziro ino ikuunika mabuku olembedwa m'Chipwitikizi amene amakamba za agalu, ndiponso zimene mabukuwo amaulula zokhudza mbiri ya dziko la Portugal, maulendo a anthu ake ndi maiko a mu Africa amene dzikolo linkawalamulira. Mutu umenewu ungamveke wopepuka kwa munthu amene anazolowera kufuna mbiri ya dziko m'nkhani za mafumu, nkhondo ndi mapangano, koma alembi angapo otchuka a ku Portugal, Mozambique ndi Angola anasankha galu pamene ankafuna kunena zinthu zimene mabuku a boma sankazilemba, ndipo nthawi zina zimene boma silinkalola kuti zinenedwe poyera. Galu amakhala kumene kuli anthu wamba, m'ngalawa ya msodzi, kubusa, pakhonde la sukulu ndi pakhomo pa mmisiri wosauka, kotero kuti mlembi amene wamutsatira amakafika kumalo amene mlembi wa mfumu sankapondako.

Kuti kusiyana kumeneku kumveke bwino, nkofunika kuyamba ndi mabuku a maulendo amene Apwitikizi amawanyadira. Vasco da Gama ananyamuka ku Lisbon mu Julayi 1497, anafika pa chilumba cha Mozambique mu Malichi 1498, ndipo mu Meyi chaka chomwecho anakocheza ku Calicut m'dziko la India. Ulendo umenewu ndi umene Luís de Camões anautamanda m'ndakatulo yake yaitali yotchedwa Os Lusíadas, imene inasindikizidwa mu 1572 ndipo mpaka lero imaphunzitsidwa m'sukulu za ku Portugal. Mu 1614 munatuluka Peregrinação, buku la Fernão Mendes Pinto losimba zaka zoposa 20 zimene iye anayendayenda kummawa mpaka ku China ndi Japan, ngakhale kuti mwiniwakeyo anali atamwalira kale pamene bukulo linkasindikizidwa. Mbali ino ya Africa, msilikali wina dzina lake António Gamitto anali wachiwiri kwa mtsogoleri wa ulendo wochokera ku Tete kupita kwa Mwata Kazembe, kufupi ndi nyanja ya Mweru, m'zaka za 1831 ndi 1832, ndipo buku lake la mu 1854, O Muata Cazembe, limatchula Amaravi ndi Achewa pamutu pake penipeni.

Mabuku amenewa ndi amtengo wapatali, ndipo la Gamitto ndi limodzi mwa magwero amene akatswiri a mbiri ya Achewa amadalira, popeza iye analemba mwatsatanetsatane za ulimi, kusula zitsulo, milandu ndi miyambo ya anthu amene anawapeza m'njira. Komabe wowerenga mosamala amaona kuti, kupatulako Pinto amene anadzilemba monga mmphawi wogwidwa ndi kugulitsidwa ukapolo kangapo, alembi a mabuku oterewa maso awo ankaloza kumpando wachifumu, chifukwa mafunso awo aakulu anali akuti njira yadzera pati, msonkho wapanjira ukuperekedwa kwa yani, minyanga ya njovu ndi golide zikupezeka kuti, ndiponso mfumu iti ingakhale bwenzi la Lisbon. Amtengatenga ndi akapolo amene ankasenza katundu wa maulendowo amatchulidwa kawirikawiri monga chiwerengero cha othawa kapena cha ofera m'njira, ndipo asodzi ndi abusa a ku Portugal kwenikweniko, amene ana awo ndiwo ankadzaza zombo, sapezamo malo okwanira.

Mmodzi mwa alembi amene anachotsa maso pa akuluakulu a zombo n'kuyang'ana asodzi anali Raul Brandão, amene anabadwa mu 1867 ku Foz do Douro, pamene mtsinje wa Douro umathira m'nyanja ya Atlantic. Buku lake la mu 1923, Os Pescadores, kutanthauza Asodzi, analilemba pokumbukira agogo ake aamuna amene anafera panyanja, ndipo ndi buku la ulendo wotsata gombe la dzikolo kuchokera kumpoto kukafika kummwera, mudzi ndi mudzi wa asodzi. Atafika ku Olhão, m'chigawo cha kummwera chotchedwa Algarve, Brandão analemba za ngalawa zamatanga zotchedwa caíque, ndipo anafotokoza kuti m'ngalawa yotere munkakwera amuna 25 ndi agalu awiri, agaluwo ankaima wina mbali iyi wina mbali inayo pafupi ndi asodzi, ndipo nsomba ikapulumuka pa mbedza pokoka chingwe, galu ankadziponya m'madzi, kuigwira ndi kubwera nayo ili kukamwa. Chimene chimaimitsa wowerenga ndi mfundo imene mlembiyo anaiwonjezera, yakuti agaluwo ankalandira malipiro ofanana ndi a amuna.

Mfundo imeneyi imawerengedwa kawirikawiri monga umboni wa ulemu umene asodzi ankapereka kwa galu, ndipo nzoona kuti ulemuwo unalipo, chifukwa galu wa m'madzi wa Apwitikizi, amene eniake amamutcha Cão de Água, ankabweza zingwe ndi maukonde otayika, ankasambira ndi uthenga kuchokera ku ngalawa ina kupita ku inzake kapena kumtunda, ndiponso ankalondera katundu ngalawa ikakhala padoko. Zala za mapazi ake n'zolumikizana ndi kachikopa kothandiza posambira, ndipo asodzi ankamumeta theka lakumbuyo kuti miyendo izipalasa madzi momasuka, n'kumusiyira ubweya pachifuwa kuti asazizidwe. Koma mfundo yomweyo ikunenanso kanthu za munthu, pakuti ngati gawo la msodzi, amene kunyumba anasiya mkazi ndi ana, linali lofanana ndi la chiweto, ndiye kuti thukuta la munthu wosauka linali lotchipa m'dziko limene panthawiyo linkadzitama kuti lili ndi maiko ake ku Africa ndi ku Asia. Asodzi a ku Olhão omwewo ndi amene mu 1808 anaoloka nyanja yonse ya Atlantic pa caíque yotchedwa Bom Sucesso kukauza banja lachifumu, limene linali litathawira ku Rio de Janeiro poopa asilikali a Napoleon, kuti Afalansa apirikitsidwa ku Algarve.

Ngalawa za injini, mawailesi a m'ngalawa ndi zipangizo zatsopano zophera nsomba zitafika, ntchito ya galuyu inatha, ndipo mtundu wake unatsala pang'ono kuzimirira. M'zaka za m'ma 1930, Vasco Bensaúde, munthu wachuma amene banja lake linali ndi sitima zapamadzi, anayamba kusonkhanitsa agalu otsala kwa asodzi ndi kuwaweta mwadongosolo, ndipo galu wake wamphongo wotchedwa Leão ndi amene anakhala muyeso wa maonekedwe a mtundu wonsewo. Pambuyo pake agaluwa anaolokera ku America, kumene phungu wa nyumba ya malamulo Edward Kennedy analemba buku la ana mu 2006 lonena za galu wake Splash, ndipo mu 2009 anapereka mphatso ya galu wa mtundu womwewu, wotchedwa Bo, ku banja la Barack Obama. Mabuku a aweti a masiku ano amalongosola bwino za msinkhu, ubweya, kadyetsedwe ndi matenda a galuyu, ndipo ndi othandiza kwa woweta, koma msodzi uja amene ankagawana naye nsomba amangotchulidwa m'ndime imodzi yoyambirira, mwinanso osatchulidwa n'komwe.

Kumtunda nkhani yake ndi ya abusa. M'mapiri a Serra da Estrela, amene nsonga yake ndi yotalika mamita 1,993 ndipo ndi yaitali kuposa ina iliyonse ku Portugal wakumtunda, abusa ankakwera ndi nkhosa zawo m'chilimwe ndi kutsika nazo chisanu chikayamba, ndipo ankatsagana ndi agalu akuluakulu ovekedwa makolala a minga yachitsulo kuti mimbulu isawalume pakhosi. Kuyambira mu 1988 mmbulu wa kumeneko ndi wotetezedwa ndi lamulo, kotero kuti agalu olondera ziweto apezanso ntchito, popeza mbusa amene saloledwa kupha chilombo ayenera kukhala ndi chomutchinjirizira nkhosa zake.

Moyo wa kumapiri a kumpoto unapeza mlembi wake mwa Miguel Torga, amene dzina lake lenileni linali Adolfo Correia da Rocha, mwana wa alimi osauka wobadwa mu 1907 m'chigawo cha Trás-os-Montes, amene ali mnyamata anakagwira ntchito pa munda wa mbale wa bambo ake ku Brazil ndipo pambuyo pake anakhala dokotala mumzinda wa Coimbra. Mu 1939 boma la António Salazar, limene linkapima mabuku ndi kutsekera m'ndende otsutsa, linamumanga chifukwa cha zimene analemba, ndipo chaka chotsatira, mu 1940, anatulutsa Bichos, kutanthauza Nyama, buku la nthano zifupizifupi limene nthano yake yoyamba ndi ya galu wotchedwa Nero. Nero ndi galu wosaka nkhwali amene wakalamba ndipo wagona akuyembekeza imfa, akukumbukira m'mene anabwerera pakhomopo ali mwana, m'mene anaphunzirira uzimba, ndi m'mene mphamvu zinamuthera mpaka anthu anayamba kumuiwala, ndipo chimene chikumutonthoza pomaliza ndi kuona kuti mtsikana wa pabanjapo akumulirira. Wowerenga aliyense wa kumudzi ku Portugal akanazindikira m'galuyu wantchito wokalamba amene anathera moyo wake pakhomo pa eni chuma, ndipo apa mpamene pali luso la Torga, kuti sananene zimenezi ngakhale kamodzi koma anangolola galu kukhala galu mpaka kumapeto. Mu 1989 iye anakhala munthu woyamba kulandira mphoto ya Camões, imene imaperekedwa kwa alembi a Chipwitikizi a m'maiko onse olankhula chinenerocho.

[Nyimbo ya marrabenta, ya kummwera kwa Mozambique]

Buku limene liyenera kupatsidwa nthawi yochuluka m'pulogalamu ino linalembedwa ku Mozambique. Luís Bernardo Honwana anabadwa mu 1942 mumzinda wa Lourenço Marques, umene lero ndi Maputo, anakulira ku Moamba kumene bambo ake ankagwira ntchito yotanthauzira m'boma, ndipo anali ndi zaka 22 zokha pamene mu 1964 anatulutsa Nós Matámos o Cão-Tinhoso, kutanthauza kuti Tinapha Galu Wamphere, buku la nthano zisanu ndi ziwiri. Chaka chimenecho n'chofunika kuchisunga m'mutu, chifukwa pa 25 Sepitembala 1964 gulu la FRELIMO linayamba nkhondo yomenyera ufulu, ndipo chisanathe chakacho apolisi achinsinsi a Salazar, otchedwa PIDE, anamanga Honwana n'kumusunga m'ndende zaka zitatu. Lamulo limene linkagawa anthu a m'maiko a atsamunda m'magulu, la indígenas, ndiwo eni nthaka amene ankatha kugwidwa chibalo, ndi la assimilados, ndiwo anthu akuda ochepa amene boma linkawayesa kuti atengera chikhalidwe cha Chipwitikizi, linali litangothetsedwa papepala mu 1961, koma m'masitolo, m'sukulu ndi m'maofesi linali lidakali moyo.

Nthano imene inapereka dzina ku bukuli imasimbidwa ndi mnyamata wa pasukulu wotchedwa Ginho. M'tauni yawo yaing'ono muli galu wokalamba, wa zilonda thupi lonse, woyenda monjenjemera, wa maso abuluu amene sauma misozi, amene ngakhale agalu anzake amamupewa, ndipo munthu yekhayo amene amamukonda poyera ndi Isaura, mtsikana amene anzake ndi aphunzitsi amamuyesa wozerezeka, yemwe amagawana naye kamba wake wa kusukulu. Tsiku lina mkulu wa boma wa m'deralo akusewera makhadi ku kalabu, masewera samuyendera, ndipo poona mnyamatayo ndi galuyo ali pafupi, akulavulira malovu cha kumene iwo ali n'kunena kuti galu wotere sayenera kukhala ndi moyo. Mawu oyankhulidwa mopsa mtima pa masewera akusanduka lamulo, lamulolo likutsikira kwa dokotala wa ziweto, kuchoka apo likufika kwa wantchito wa mu ofesi ya za ziweto, Bambo Duarte, ndipo iwo, posafuna kudetsa manja awo, akuitana gulu la anyamata a pasukulu n'kuwakumbutsa kuti akudziwa zoti amasaka ndi mfuti za makolo awo popanda chilolezo, kenaka n'kuwapatsa ntchitoyo ngati masewera.

Anyamatawo, amene ndi a mitundu yosiyanasiyana monga momwe mayina awo akusonyezera, Quim mtsogoleri wawo, Faruk, Gulamo ndi ena, akuthamangira kunyumba kukatenga mfuti, akumanga galu ndi chingwe, ndipo amene akumukoka kupita naye kutchire ndi Ginho yemweyo, amene mumtima sakufuna kuti galuyo afe koma akuopa kutchedwa wamantha ndi kuchotsedwa m'gulu. Honwana akuchedwa dala pa ulendo waufupi umenewu, akuonetsa chingwe chikukoka khosi la chiweto chimene sichikudziwa kumene chikupita, mafupa ake akugunda mwendo wa mnyamata, ndi anyamata akukangana za mtundu wa zipolopolo pofuna kubisa mantha awo. Pofika pamalopo Quim akulamula kuti Ginho ndiye ayambe kuwombera, Isaura akutulukira n'kukumbatira galu, ndipo Ginho akukakamizidwa kumuchotsapo, kotero kuti ana awiriwo akugwa pansi atagwirana pamene mfuti za anzawo zikulira mosalekeza pa thupi limene linafa kale. Nthanoyo ikuthera m'kalasi, kumene Quim akupempha Ginho kuti amuonetse mayankho a masamu, ngati kuti palibe chimene chachitika.

Akatswiri a zolembalemba akhala akusiyana maganizo pa tanthauzo la galuyu. Ena amati maso ake abuluu ndi ukalamba wake zikuimira ulamuliro wa atsamunda umene unali utavunda ndipo unayenera kuphedwa, pamene ena amati galuyo ndi munthu wakuda wa mu ulamulirowo, wonyozedwa ndi aliyense ndiponso wophedwa popanda mlandu. Mbali zonse ziwiri zili ndi poimira, koma zonse zimafulumira kusandutsa galu chizindikiro, n'kuiwala chinthu chimene nthanoyo ikuonetsa momveka kuposa china chilichonse, ndicho njira imene lamulo loipa limayendamo. Pa akuluakulu onse amene anafuna imfa ya galuyo palibe ndi mmodzi yemwe amene anagwira mfuti, aliyense anangopatsira womutsatira, mpaka ntchito inagwera ana, ndipo pakati pa anawo inagwera amene anali ndi chisoni kuposa onse. Umu ndi m'mene chibalo, msonkho ndi chikwapu zinkayendera m'maiko a atsamunda, kuchoka kwa bwanamkubwa kufika kwa msilikali wakuda wa pa boma ndi kwa mfumu ya m'mudzi, ndipo palibe lipoti la boma limene linalongosola dongosolo limeneli momveka kuposa nthano ya mlembi wa zaka 22 ameneyu.

M'buku lomwelo muli galu wachiwiri amene ayenera kuikidwa pambali pa woyambayo. M'nthano yotchedwa Papá, Cobra e Eu, kutanthauza Bambo, Njoka ndi Ine, njoka imene yakhala ikudya nkhuku m'khola la banja la anthu akuda ikuluma galu wa mzungu woyandikana nawo, Bambo Castro, ndipo mzunguyo akubwera pakhomo kudzalalatira mwini nyumba pamaso pa ana ake, akufuna malipiro a galu wake ndi kuopseza kuti akapanda kulipidwa nkhaniyo ikafika ku boma. Bambo wa pakhomopo akumeza mawu, ndipo mwana wake akuona kwa nthawi yoyamba kuti munthu amene amamuyesa wamphamvu alibe poyankhira. Agalu awiriwa akaikidwa pamodzi, wowerenga amaona kuti m'tauni ya atsamunda mtengo wa galu unkadalira mwini wake, ndipo galu wa mzungu anali ndi chitetezo cha lamulo chimene bambo wachikuda analibe. Bukuli linamasuliridwa m'Chingerezi ndi Dorothy Guedes n'kutuluka mu 1969 m'gulu la mabuku la African Writers Series, ndipo mu 2002 linaikidwa pa mndandanda wa mabuku 100 opambana a mu Africa a m'zaka za m'ma 1900, umene unakonzedwa kudzera ku chionetsero cha mabuku cha ku Zimbabwe. Mozambique italandira ufulu pa 25 Juni 1975, Honwana anakhala mkulu wa ofesi ya Pulezidenti Samora Machel, ndipo kenaka anayang'anira za chikhalidwe m'boma.

Galu wamphereyu anaoloka malire, pakuti ku Angola nthano yake inkawerengedwa m'sukulu, ndipo mlembi wa kumeneko Ondjaki, m'buku lake la mu 2007 lotchedwa Os da Minha Rua, anasimba za kalasi la ku Luanda limene likuwerenga nthanoyo mokweza, anyamata akulimbana ndi misozi poopa kusekedwa ndi anzawo. Ku Angola komweko Pepetela, amene anamenya nawo nkhondo ya ufulu kumbali ya gulu la MPLA ndipo anakhalapo wachiwiri kwa nduna ya maphunziro, anatulutsa O Cão e os Caluandas mu 1985, buku lonena za galu wa mtundu wa Chijeremani, wofanana ndi amene apolisi a atsamunda ankagwiritsa ntchito, yemwe akuyendayenda mumzinda wa Luanda ufulu utabwera kale. Galuyo akulowa m'nyumba ndi m'maofesi osiyanasiyana, ndipo aliyense amene akusimba za iye akudziulula yekha, wina katangale wake, wina ulesi wake, wina mawu a chipani amene amawaloweza osawakhulupirira. Apa galu amene kale anali mboni yotsutsa atsamunda wasanduka mboni yotsutsa olamulira atsopano, ndipo n'chinthu choyenera ulemu kuti amene analemba zimenezi anali mmodzi mwa omenyera ufuluwo.

[Nyimbo ya fado, ya mumzinda wa Lisbon]

Mlembi amene analumikiza galu, ulendo ndi mbiri ya Portugal mobwerezabwereza ndi José Saramago, mwana wa alimi opanda malo wobadwa mu 1922 m'mudzi wa Azinhaga, amene anayamba ntchito monga makaniko ndipo mu 1998 analandira mphoto ya Nobel ya zolembalemba. Ulamuliro wankhanza utagwa pa 25 Epulo 1974, iye anakakhala pakati pa anthu ogwira ntchito m'minda ikuluikulu ya m'chigawo cha Alentejo, ndipo zimene anamva kumeneko zinabala Levantado do Chão, buku la mu 1980 lotsata mibadwo ya banja limodzi la aganyu, limene likutha ndi tsiku limene aganyuwo akulanda minda, galu wotchedwa Constante akudumphadumpha patsogolo pawo. Chaka chotsatira, mu 1981, anatulutsa Viagem a Portugal, kutanthauza Ulendo wa ku Portugal, m'mene akuyamba pa malire a kumpoto chakummawa ku Miranda do Douro n'kutsika mpaka ku Algarve, akudzitchula kuti wapaulendo m'malo monena kuti ine, ndipo akuchedwa m'timatchalitchi ta m'midzi ndi pocheza ndi nkhalamba zosunga makiyi ake kuposa m'nyumba zachifumu. Bukuli linatembenuza mwambo wa Camões, popeza Mpwitikizi amene kwa zaka mazana ambiri ankapita kukaona maiko a eni tsopano anabwerera kudzaona dziko lake lomwe.

Mu 1986, chaka chimene Portugal ndi Spain zinalowa m'bungwe la zachuma la maiko a ku Ulaya, Saramago anatulutsa A Jangada de Pedra, kutanthauza Phaka la Mwala, phaka pokhala mitengo yomangidwa pamodzi yoyandama pamadzi. M'nthanoyi dera lonse la Iberia, mmene muli maiko awiriwo, likung'ambika pa mapiri a Pyrenees n'kuyamba kuyandama panyanja ya Atlantic, ndipo chizindikiro choyamba cha ngoziyo ndi chakuti agalu a m'tauni ya Cerbère, amene sankauwa chiyambire, ayamba kuuwa. Mmodzi mwa agaluwo akudumpha mng'alu n'kutsalira ku mbali imene ikuchoka, ndipo atanyamula ulusi wabuluu kukamwa akupeza anthu anayi osadziwana kale, Joana Carda, Joaquim Sassa, José Anaiço ndi Pedro Orce, n'kuwatsogolera kumpoto mpaka kunyumba ya mayi wamasiye Maria Guavaira ku Galicia. Iwo akumutsatira ndi chikhulupiriro chonga chimene chili m'mwambi wakuti galu wamkota sakandira pachabe, pamene nduna ndi akatswiri a maboma akungochita misonkhano osadziwa kumene dziko likulowera. Pomaliza dera loyandamalo likulunjika kummwera, pakati pa Africa ndi South America, ndipo umu ndi m'mene mlembiyo anafunsira anthu a kwawo ngati ubale wawo weniweni uli ku Ulaya kapena kwa anthu amene mbiri inawamanga nawo pamodzi, pa zabwino ndi pa zoipa zomwe.

Galu wodziwika kwambiri wa Saramago ali m'buku la mu 1995, Ensaio sobre a Cegueira, lonena za mliri wa khungu umene ukugwira mzinda wonse kupatula mkazi wa dokotala wa maso. Mayiyu, amene wanyamula yekha udindo wodyetsa ndi kutsogolera kagulu ka anthu osaona, akusochera m'misewu yodzaza zinyalala atanyamula matumba a chakudya, akukhala pansi n'kuyamba kulira, ndipo galu wina wosokera akumuyandikira n'kunyambita misozi yake, kuyambira pamenepo osamusiyanso. M'buku limeneli mlembiyo sanamupatse dzina lina koma galu wa misozi, ndipo ananenapo kuti angakonde kukumbukiridwa monga munthu amene analenga galu ameneyu. M'buku lotsatira nkhaniyi, Ensaio sobre a Lucidez, la mu 2004, munthu wotumidwa ndi boma akuwombera mayiyo pamodzi ndi galu wake, ndipo amene anawerenga Honwana sangalephere kuona kuti nayonso imfa imeneyi yalamulidwa ndi akuluakulu amene sanagwire mfuti. Pakati pa mabuku awiriwa pali A Caverna, la mu 2000, m'mene galu wosokera wotchedwa Achado akufika pakhomo pa Cipriano Algor, nkhalamba youmba mbale ndi mitsuko yadothi, pa nthawi imene sitolo yaikulu ya mumzinda yaleka kugula katundu wake chifukwa anthu akonda pulasitiki, ndipo pamene banjalo likusamukira m'nyumba za sitoloyo likupeza kuti agalu saloledwa kulowamo.

Mabuku ambiri amene atchulidwa m'pulogalamu ino alipo m'Chingerezi, ndipo aphunzitsi a mbiri ndi a zolembalemba amene akufuna poyambira angayambe ndi la Honwana, chifukwa ndi lalifupi, chinenero chake n'chosavuta, ndipo likunena za dziko loyandikana ndi Malawi ndi Zambia, kumene ophunzira ambiri ali ndi abale awo. M'zigawo za Tete ndi Niassa muli anthu ochuluka amene amayankhula Chinyanja kunyumba ndi kuwerenga Chipwitikizi kusukulu, ndipo pempho la pulogalamu ino likupita kwa iwo, pamodzi ndi osindikiza mabuku a ku Malawi ndi Zambia, kuti apemphe chilolezo kwa eni ake ndi kumasulira nthano zisanu ndi ziwirizi kuchokera m'Chipwitikizi mwenimweni kupita m'Chichewa.

[Nyimbo yotsekera pulogalamu]